Kandege kaja kauluka, zikomo madala a ku Senga Bay

Abale anga, kandege kanga kakang'ono kosakwera munthu kaja kauluka! Dzulo madzulo pa bwalo la mpira kuno ku Salima kazungulira mpaka mafuta kutsala pang'ono kutha, injini osazima m'mwamba ngati muja inkachitira, ndipo katera mapiko ali onse. Ndikulemba manja akununkhabe mafuta a nsatsi, tulo sindinatione, koma ndati ndisagonetse zikomo poti nkhani yonse mukuidziwa, momwe kanagwera nthawi ya mwera ija ndi miyezi yonseyi injini ikungondikana.

Choyamba Mulungu alemekezeke, wandipatsa mtima wopirira pomwe ndinali pafupi kukaponya pa denga.

Koma madala aja okonza injini za maboti ku Senga Bay, eeh sindikudziwa ndiyambire pati. Munthu wamkulu, ntchito ili mbwee, asodzi akudikira, koma anaika sipanala pansi nkulandira kainjini ka 4cc ndi manja awiri. Anali asanaonepo injini ya glow. Ndinawafotokozera kuti pulagi yake siithetheka moto, ili ndi kawaya ka platinum komwe timatenthetsa ndi batire ya mavoti 1.5 poliza basi, ukachotsa batire methanol ndi amene amakasunga kali psuu. Iwo pompo anati nchifukwa chake sipiliti wa mu golosale sakugwira, ameneyo ndi ethanol. Ena aja munkati ndingothira petulo, mwamva?

Anailiza kamodzi, osayang'ana injini koma kapaipi ka mafuta, nkundionetsa tithovu tating'ono tikuyenda kupita ku kabureta. Anachotsa thanki, kutseka mapaipi ndi chala, kuiviika mu beseni nkuuzira ndi pakamwa ngati akusaka pancha ya kabaza, thovu phwii pomwe paipi imalowera. Kabowo kosaoneka ndi maso komwe kankalowetsa mpweya, injini nkumauma mafuta, kutentha, kuzima. Kenako ananena za mafuta, methanol amamwa chinyezi cha mu mpweya ndiye kuno kunyanja botolo lokhalitsa silichedwa kuonongeka. Tinasakaniza atsopano, methanol 80 mafuta a nsatsi 20, opanda nitro, mankhwala oonjezera mphamvu mu mafutawo, poti nitro kuno kumupeza ndi nkhani ina. Ndiye poti nitro palibe anachotsa kawashala kamodzi pa tiwiri tomwe tinali pansi pa hedi kuti kompuleshoni ikwere pang'ono.

Chomwe sindidzaiwala ndi pa nido paja, kasingano kochepetsa kapena kuonjezera mafuta olowa mu injini. Madala anatseka maso, zoona anatseka maso, nkumatembenuza kanido pang'onopang'ono. Poyamba ikulira mokakamira, utsi tolo, mafuta akulavulira pa phiko. Akutseka, akutseka, mpaka inakuwa mawu amodzi osalala, ine mtima m'mwamba ndati basi pamenepo madala! Iwo ayi, anabweza mmbuyo timakiliki tiwiri titatu. Akuti mwanawe oilo wa injini iyi ali mu mafuta momwemo, ukaimana mafuta waimananso oilo, ndipo m'mwamba thanki ikamatsika imaumirako yokha. Anandiuza ndiloze mphuno ya ndege kumwamba ili pa fulu, ikafooka ndiye kuti nido yatsekeka kwambiri, ikangokwera mawu pang'ono osafooka ili bwino. Ndipo akuti usaikhulupirire nido ya dzulo, kutentha kwa Salima masana ndi kam'mawa injini siipuma mofanana, uzimvera tsiku lililonse.

Ndalama anakana. Ndinakakamiza, anakana, ngakhale ya minibasi pobwera kudzaonera dzulo analipira okha. Madala, ndikudziwa pa Facebook simulipo koma mdzukulu wanu akuwerengerani, Ambuye akuonjezereni masiku, manja anuwo asaume, maboti asaleke kubwera pakhomo panu. Munandilemekeza pa chinthu chomwe ambiri ankati nchibwana.

Zikomo achimwene a ku Joni potumiza mapulagi ndi pulopela ya saizi 9x6, zafika pa nthawi yake. Mayi a kunyumba, mwapirira phokoso ndi malaya a madontho osachoka aja, zikomo. Anyamata omwe munkagwira mchira ndikamaliza injini, fumbi lonse lija kumaso osadandaula, ndinu anthu. Amene munkalonjeza kubwera foni nkumangoitana, dzulo ndinakuonani kutsogolo mukujambula, palibe kanthu, vidiyoyo munditumizireko.

Koma madala aja abale. Kakutera iwo sanaombe m'manja, anathamangira kukagwira hedi ndi chala kuti amve ngati yatentha mopyola, nkuona oilo wa pa phiko kuti ndi woyera wopanda zakuda, kenako ndi pomwe anamwetulira.

Loweruka tikaulutsanso m'mamawa mphepo isanadzuke. Obwera ndi ana muwagwire, pulopela ija imadula chala, ndipo botolo la methanol wina asaliyandikire ndi poizoni. Madala ati abweranso poti silo yake, kaliridwe ka injini ikamayenda pang'onopang'ono, sanakhutire nayo, akufuna aimvere bwino.