Lipoti la masamba asanu, koma 30 MB: chalemeretsa n'chiyani?

Ambiri otayipitsa ma CV ndi malipoti m'mashopu a ku Area 25 kapena ku Malangalanga amadabwa Gmail ikakana kutumiza fayilo yawo ya Word. Malire ake ndi 25 MB, ndipo mawu okhaokha sangafike pamenepo ngakhale atadzaza masamba 200.

Nthawi zambiri vuto ndi zithunzi. Chithunzi chimodzi cha pafoni chimatha kuposa 3 MB, ndipo kuchikoka m'makona kuti chichepe sikuchipeputsa ayi. Word imachisunga chonse, ndi mbali zomwe munadula zija.

Musamangolota. Koperani fayiloyo, sinthani .docx ikhale .zip, mutsegule, mulowe mu foda ya word, kenako media. Muona chithunzi chilichonse ndi kulemera kwake. Mukapezanso foda ya embeddings, mwina wina anamata tebulo la Excel ndipo fayilo yonse ya Excel inalowera limodzi.

Pokonza, tsegulani fayilo yoyamba ija mu Word, dinani chithunzi, pitani pa Picture Format, musankhe Compress Pictures. Chotsani chizindikiro pa "Apply only to this picture", chongani "Delete cropped areas of pictures", kenako musankhe 150 ppi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi). Koma ngati muli satifiketi ya chidindo yoti isindikizidwe, sankhani 220 ppi, apo ayi chidindocho chimatuluka mbuu.

Ikakanabe kupepuka, onani pa File, Options, Save ngati "Embed fonts in the file" yachongedwa, muchotse. Fayilo yakale ya .doc muisungenso ngati .docx.