Mbuzi ya amalume ku Senga Bay

Tinanyamuka ku Lilongwe Loweruka m'mamawa, anthu asanu m'galimoto imodzi. Kukafika ku Salima pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100. Pa Chezi tinaima n'kugula tomato, anyezi ndi mandimu, ndipo titadutsa Mvera n'kuyamba kutsetsereka mapiri, chisanu cha ku Dowa chinatisiya, aliyense n'kuvula juzi. Tsabola wa kambuzi ndi thumba la makala tinagula pa Kamuzu Road. Kuchoka pamenepo kwatsala makilomita ngati 20 kuti muone nyanja.

Mbuzi anali atatipezera kale amalume a mnzathu wina, omwe amakhala chakumtunda pang'ono kwa gombe la Senga Bay. Inali mfule yonenepa. Amati tonde sakanatigulira chifukwa fungo lake silichoka ngakhale mutathira mandimu a mtengo wonse. Chomwe chinandikhudza mtima n'chakuti sanaiphe okha. Anatuma mwana kukaitana bambo wina wa kumzikiti kuti adzaizinge, poti mmodzi mwa ife ndi Msilamu, komanso anansi awo ambiri ndi Asilamu. "Nyama yapakhomo pano amadya ndi aliyense," anatero. Palibe anawapempha zimenezi.

Tinaipachika pa mtengo wa mango n'kuisenda. Azakhali anatenga zam'kati kupita nazo kuseri, ndipo pobwera anali atakulunga matumbo pa tizidutswa ta chifu, nthumbwana zooneka bwino ngati zoluka. Izo zinalowa mumphika.

Ife a m'tauni tinkafuna kuponya nyama pa waya moto utangoyaka. Amalume anagwira mnzanga dzanja. "Dekhani ana inu. Malawi amapsereza kunja, m'kati muli magazi." Tinadikira mpaka makala atayera phulusa pamwamba, ofiira pansi. Unali mwezi wa Julaye, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja, moti anaimika lata lakale kumbali kuti mphepo isakolezere moto.

Choyamba chinali chiwindi. Anachidula mopyapyala, kuwaza mchere basi, kutembenuza kawiri, n'kuchotsa chisanaume. Tinadyera pompo chiimirire, chikutentha zala, ndi kambuzi wosinja pa mbale yachitsulo. Kambuzi ameneyu fungo lake limafika m'mphuno lilime lisanamve kuwawa, ndipo ine ndimati ndiye mwini wake wa nyama yambuzi. Sosi wa m'botolo amene tinabwera naye anangokhala osatsegula.

Nthiti ndizo zinatenga nthawi. Amalume anaziika m'mphepete mwa waya, kutali ndi pakati pa moto, mbali ya mafupa pansi. Mafuta akadonthera pa makala n'kubuka lawi, sankathira madzi ambiri ayi, ankangosunthira nyama pambali n'kuwaza timadontho ndi zala. Mandimu anafinyira kumapeto. Nyama ya mwendo, yomwe imalimba, anayamba aiwiritsa pang'ono ndi mchere ndi anyezi, kenako ndi pomwe inakwera pa waya kuti ichite bii. Msuzi wake sunatayidwe, azakhali anathiramo tomato ukhale wosunsira nsima. Ndadya kanyenya wambiri pa ziwaya za ku Lilongwe, wina wokoma ndithu, koma nyama yofewa chotere, yosiyana yokha ndi fupa, ndinali ndisanaipezepo.

Pofika madzulo pabwalo panali patadzaza. Bambo anazinga mbuzi aja anabweranso ndi ana awo awiri, amayi ena a nyumba yoyandikana anabwera ndi mpunga m'beseni, ndipo tinakhala pa mikeka, nsima ikutha ina ikubwera. Mnzathu wachisilamu uja ankadya osafunsa kanthu, ndipo nditamuyang'ana anangogwedeza mutu n'kumwetulira.

Kutada tinatsikira kugombe. Chilumba cha Namalenje chinkaoneka ngati chithunzithunzi chakuda pamadzi, ndipo mwera utaleka, nyali za asodzi a usipa zinayamba kuyaka imodziimodzi kutali uko. Malaya athu onse ankanunkha utsi.

Mutu ndi mang'ina tinawasiyira eni khomo. M'mawa tikulongedza, azakhali anali atazitereka kale pa mafuwa, ndipo anatiletsa kunyamuka mpaka aliyense atamwa kapu ya msuzi wake.