Maliro a alamu

Mbava zitandibera matumba asanu ndi limodzi a mtedza kushopu kwanga ku Kapata, mu tauni ya Chipata, ndinalumbira kuti sizidzachitikanso. Munali mu 2024, chaka chija cha chilala, pamene thumba la mtedza tinkalisamala ngati mwana wobadwa yekha. Mlonda ndinali naye, koma tulo take tinkaposa tanga. Ndiye ndinaitanitsa mnyamata wina wa zamagetsi kuti andiikire alamu, osati yongolira chabe, koma ija yoimba foni yokha.

Anabwera ndi kabokosi koyera. Mkati anaikamo SIM khadi ndi batire ya 12 volts, yoti malaiti akapita kazigwirabe ntchito. Pachitseko anamata kamaginito, pakona pamwamba n'kupachika kadiso kamene kamaona kutentha kwa chinthu chamoyo chikamayenda. Anandifotokozera kuti kadisoko kakaona munthu, kabokosi kamaimbira nambala yoyamba n'kulankhula mawu amene ndajambulamo. Woyankhayo akapanda kudina batani la hashi (#) pafoni yake, kamaganiza kuti uthenga sunafike, kamapita pa nambala yachiwiri, yachitatu, yachinayi, kenako n'kuyambiranso pamwamba. "Kalibe manyazi aka, bwana," anatero. "Bola muziikamo talktime."

Sayirini ndinakana kuti ailumikize. Ndinkafuna wakubayo ndimupeze thumba lili paphewa, ndimuone nkhope. Nzeru zimenezo zinali zanga ndekha, palibe anandipangira.

Manambala ndinauza mwana wanga wa giredi 6 kuti aziwerenga mufoni mwanga ine ndikudina. Yoyamba yanga. Yachiwiri ndinati, "Werenga ya amayi." Mufoni mwangamo muli "Amayi" awiri: amayi a kunyumba, ndi Amayi a ku Katete, apongozi anga. Mwana anawerenga imene inali pamwamba. Yachitatu ndinaika ya mkulu wa mpingo wathu chifukwa amakhala pafupi ndi msika, yachinayi ya mnzanga Mubemba wogulitsa kapenta pafupi ndi shopu yanga. Ndinati ndiwauza onsewa Lamlungu. Lamlungu linafika, n'kupita.

Tsono mawu. Mnyamata uja anati ndili ndi masekondi khumi okha, ndilankhule mwachidule. Koma ine ndinaleredwa bwino. Munthu sungadzutse anzako pakati pa usiku n'kungoyamba ndi "thamangani" ngati ukukusa mbuzi. Atadina batani ndinayamba ndakhosomola, kenako ndinati: "Ee, odi kumeneko. Pepani kwambiri pokudzutsani usiku uno. Ndine bambo a ku Kapata. Kuno kwagwa zovuta. Alamu yalira kushopu, bwerani msanga." Ndinamva kukoma ndi mmene ndinalankhulira, moti sindinafune n'komwe kumveranso. Sindinadziwe kuti kabokosi kanatseka khutu nditangofika pa mawu akuti "Alamu".

Apa ndikuuzeni za alamu enawo, a miyendo iwiri. Mng'ono wa mkazi wanga amakhala nafe, ndipo sabata imeneyo anali atangochoka kuchipatala ndi malungo. Ku Katete anali atamva kuti wadwala. Zoti wachira n'kuyambanso kumaliza nsima ya anthu atatu, uthenga umenewo unali usanapite.

Usiku wa tsokawo malaiti anali atapita kuyambira m'mawa, monga zinkakhalira madzi atachepa ku Kariba. Foni yanga inazima, ya mkazi wanga inazima, ya alamu anga ndiye inafa masana ndi Facebook. M'banja lonse, amene anali ndi moto anali kabokosi kokha. Cha m'ma 2 koloko kanayamba ntchito.

Zimene zinachitika ku Katete ndinazimva pambuyo pake, ndipo amazifotokozabe pa ukwati uliwonse. Apongozi anadzidzimuka foni ikulira. Anamva mkamwini wawo, amene chikwatireni sanawaimbirepo dzuwa litalowa, akukhosomola, akupepesa, n'kunena kuti kwagwa zovuta, alamu... phee. Anafunsa kuti, "Bambo, mwati mwana wanga watani?" Poyankha, mkamwini anakhosomolanso n'kubwereza zomwezo, liwu ndi liwu. Foni inaduka. Patapita kanthawi inaliranso: chifuwa chomwecho, kupepesa komweko, n'kukakamira pomwepo. Apongozi anauza anthu kuti chisoni chandisokoneza mutu, dzina la malemu likundikanika kutchula. Anayesa kuimbira mwana wawo wamkazi, foni yozima. Wodwala uja, yozima. Panalibenso chofunsa. Za hashi ndani akanawauza?

Ine ndinali m'tulo tofa nato. Chimene chinandidzutsa m'bandakucha ndi nyimbo, yapansipansi, ija amayi a chigwirizano amaimba akamalowa pa siwa. Ndinagwedeza mkazi wanga. "Amayi, kwa aneba kwagwa zovuta. Mwina ndi agogo aja." Ndinavala jekete ndi chipewa, poti Julaye wa ku Chipata sachita masewera, ndinatuluka kuti ndikakhale nawo.

Moto unali ukuyaka pabwalo panga. Azibambo asanu ndi atatu atauzungulira, mitu ili pansi. Mkulu wa mpingo anaimirira, anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundikhazika pampando. "Limbani mtima, bambo. Tinafika kale, koma tinati tisagogode, anamfedwa apumuleko." Ndinakhala. Ndinayang'ananso pansi ngati anzanga, chifukwa pamaliro sufika ndi mafunso. M'mutu ndinayamba kuwerenga anthu a m'nyumba mwanga: mkazi ndamusiya akufunafuna chitenje, ana ndawadumpha pabalaza akupuma. Ndinadzitsina pantchafu, kuti mwina ndine.

Ndisanatsegule pakamwa, Canter inaima pamsewu. Makilomita opitirira 80 kuchokera ku Katete, anthu ali kumbuyo ndi mphepo yonse ija, pamodzi ndi thumba la ufa, mitolo ya nkhuni ndi mbuzi yomangidwa miyendo. Apongozi anatsika atagwiriziridwa uku ndi uku, akulira motchula dzina la mwana wawo, kumufunsa chifukwa chake watsogola iye kusiya mayi wake. Mkazi wanga atamva dzinalo ali pakhomo, anagwa pansi n'kuyamba kulira nayenso, osakumbuka kuti madzulo ake anakangana naye chifukwa cha ndiwo.

Pamenepo chitseko cha kachipinda ka kuseri chinatseguka. Alamu anatuluka ndi kakabudula, bulangete kumutu, mswachi kukamwa, thovu loyera lili mbuu pamilomo. Anaima n'kufunsa kuti, "Kodi wamwalira ndani?"

Nyimbo inathera pakati pa liwu. Amayi a chigwirizano analiyatsa liwiro la mtondo wadooka, ena kusiya nsapato, mmodzi n'kudumpha mpanda umene ngakhale galu wanga amaulemekeza. Mkulu wa mpingo anatsala, koma Baibulo analigwira kutsogolo ngati chishango. Apongozi okha ndi amene anapita n'kumugwira kumaso, kumutsina tsaya, kenako n'kumuwomba khofi chifukwa chozimitsa foni.

Ndiyeno foni ya apongozi, imene inali yomangidwa pakona pa chitenje, inalira. Mphwawo anaiyankha n'kuika pa sipika. Pabwalo ponse panamveka kukhosomola kwanga. "Ee, odi kumeneko. Pepani kwambiri pokudzutsani usiku uno..." Anthu anayang'ana foni, anayang'ana ine, milomo yanga ili chitsekere. Ndinanyamuka pang'onopang'ono, ndinagwada pafupi ndi apongozi monga mwa mwambo, ndinapempha foniyo, n'kudina hashi.

Kushopu tinapita gulu, ena atanyamula zibonga. Loko anali bwinobwino. Titatsegula tinapeza khoswe wonenepa ngati mwana wa mphaka ali pamwamba pa matumba, amene ndinawaunjika mpaka kufika pamphuno pa kadiso kaja. Mnyamata uja anandichenjeza kuti ndisaike katundu pafupi nako. Khosweyo ankati akadutsa, Katete yalandira foni.

Mnzanga Mubemba anafika nthawi yomweyo ndi botolo la paudala ndi mbale. Paja ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, maliro athu ndi awo, amatipaka zoyera n'kutilipiritsa. Ataona khoswe anaseka mpaka kukhala pansi. "Mbuya, ndiwo zanu zayamba kukuimbirani foni?" Ndinayesa kumufotokozera kuti ife timadya mbewa za kumunda, khoswe wa m'nyumba sitimukhudza, ndiponso wodya anyani alibe pakamwa ponenera anzake. Sanamve. Anandithira paudala kumutu, anathiranso alamu anga ponena kuti mtembo sungabwerere chabe, ndipo mbale yake inayenda mpaka inadzaza.

Mbuzi inaphedwabe, chifukwa anthu anali ndi njala ndipo kuibweza ku Katete akuti n'kuitana tsoka. Mafuta a Canter ndinalipira ine, kupita ndi kubwera. Nditawerengera zonse, zinaposa mtedza umene mbava zinandibera.

Mawu aja ndinajambulanso, tsopano amangoti "Wakuba kushopu, dinani hashi," popanda odi. Nambala ya apongozi ndinaichotsa tsiku lomwelo. Koma mpaka lero ndikawaimbira, ngakhale masana dzuwa lili pamutu, amayamba akhala chete kaye, kenako n'kufunsa kuti, "Ndinu bambo eniake, kapena ndi kabokosi kanu kaja?"