Musanakweze galimoto, yambani mwaona ma strut

Anthu ambiri amene agula Probox, Sienta kapena Corolla yochokera ku Japan amadandaula kuti galimoto zimenezi n'zotsika, moti zimakhula pansi pa mahampu komanso m'misewu yafumbi imene mvula yakumba. Malangizo amene amapatsidwa ku galaja ndi akuti aike ma spacer (zidutswa zokhuthala zoika pamwamba pa mashoki) kapena masipuling'i aatali ndi olimba kuti galimoto ikwere. Ine sindiona vuto ndi kukwezako, koma chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chobwezeretsa ma strut (mashoki a kutsogolo) akale, amene anayenda kale mtunda wautali galimoto isanafike n'komwe padoko la Dar es Salaam.

Kutsogolo kwa galimoto zimenezi kuli strut ya mtundu wa MacPherson, dzina lochokera kwa Earle MacPherson, injiniya wa ku America, ndipo kampani ya Ford inaigwiritsa ntchito pa Consul imene inatuluka ku Britain mu 1950. Strut ndi shoki yokhala mkati mwa sipuling'i, imene pamwamba imamangidwa kubodi ndipo pansi imamangidwa kuchitsulo chogwira gudumu. Choncho imanyamula nawo kulemera kwa galimoto, imatembenuka pamodzi ndi chiwongolero, komanso ndi imene imachititsa kuti tayala liime mowongoka. Sipuling'i payokha siitha kuletsa galimoto kudumpha. Ntchito imeneyo ndi ya shoki, imene imakankha mafuta kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono kuti kunjanjako kuthe msanga. Sipuling'i ikakhala yolimba kuposa yoyamba, imabwerera ndi mphamvu yochuluka, ndipo shoki yotopa imalephereratu kuigwira. Zikatero tayala limangodumphadumpha m'malo momamatira pamsewu, mabuleki amachedwa kuimitsa galimoto, ndipo pakona woyendetsa amamva ngati ili kuyandama.

Kuzindikira strut yotha sikovuta. Mukakhota matayala mpaka kumapeto n'kusuzumira mkati, mudzaona ngati mafuta ayenderera m'mbali mwake n'kugwira fumbi. Kachinyontho kochepa pamwamba sikodetsa nkhawa, koma ikanyowa mpaka pansi ndiye kuti yatha. Yendetsaninso dzanja pa tayala: likakhala lodyeka mwa zigambazigamba, pena pokwera pena potsika, limenelo lakhala likudumpha. Galimoto yoweramira kutsogolo mukaponda buleki imasonyezanso zomwezo. Njira yotchuka ija yokanikiza boneti n'kuona ngati galimoto ikupitiriza kunjanja imangogwira shoki imene yaferatu, pamene yofooka imatha kupambana mayesowo.

Posintha, sinthani zonse ziwiri, yakumanzere ndi yakumanja. Ndikudziwa kuti ndalama zimavuta ndipo mtima umafuna kugula imodzi yokha imene yadontha, koma mbali imodzi ikakhala yatsopano ina yotopa, galimoto siikhazikika mofanana poima mwadzidzidzi. Musasiyenso mounting ya pamwamba, chifukwa muli labala ndi bering'i imene imalola strut kuzungulira, ndipo phokoso logogoda limene anthu amanamizira shoki nthawi zambiri limachokera pamenepo. Labala wotchinga fumbi ndi kalabala koletsa shoki kugunda kumapeto n'zotsika mtengo, komabe m'misewu yathu n'zimene zimateteza ndodo ya shoki kuti isakalike. Makampani monga KYB, Monroe ndi Gabriel amapanga ma strut a galimoto zambiri za ku Japan, ndipo pogula muzipereka nambala ya chasisi, pakuti Corolla ya chaka china siifanana ndi inzake. Zochotsa pa galimoto ina ine sindizikhulupirira, popeza palibe angakuuzeni mtunda umene zayenda.

Ntchito yochotsa sipuling'i pa strut ndi yoopsa kwambiri. Sipuling'iyo imakhala itapanikizidwa ndi mphamvu yokwanira kuthyola dzanja kapena chibwano, motero makaniko ayenera kuigwira ndi zopanira zake zenizeni asanamasule nati ya pamwamba, osati kuimanga ndi waya kapena chingwe monga ena amachitira. Onetsetsaninso kuti sakugwira ndodo yonyezimira ija ndi pulayala, chifukwa kachilonda kamodzi pachitsulocho kamang'amba silo (labala wotsekera mafuta) ndipo mafuta amayamba kutuluka posachedwa. Ngati mabushi a pa mikono ya pansi anamasulidwa, mabawuti ake amangidwe komaliza galimoto itatsika pa jeke n'kuima ndi matayala ake.

Pa kukweza kwenikweniko, musapyole muyeso. Galimoto ikakwera kwambiri, ma CV joint (mfundo za zitsulo zopititsa mphamvu ya injini kumatayala) amagwira ntchito atapindika mopitirira, malabala ake amang'ambika msanga, ndipo imapendekeka kwambiri pakona. Ntchito ikatha, pitani mukachite alayimenti tsiku lomwelo, chifukwa kumasula strut komanso kusintha msinkhu wa galimoto kumasuntha kaimidwe ka matayala, ndipo mukachedwa matayala akutsogolo adzadyeka mbali imodzi.