Wandsworth yafiira!

Abale anga, lero pa 6 May 2022 ndadzuka ndi nkhani yoti khonsolo yathu ya Wandsworth, kuno ku London, yapita kwa chipani cha Labour, cha makaka ofiira. Atenga mipando 35 mwa 58, a Conservative atsala ndi 22, umodzi wapita kwa woima payekha. Kwa inu amene simukhala kuno mwina zikuoneka zazing'ono, koma a Conservative akhala akulamulira khonsoloyi kuyambira 1978, ine ndisanabadwe! Margaret Thatcher, nduna yaikulu yakale ya Conservative, ankainyadira ngati mwana wake wachisamba.

Dzulo ndinakavota nditaweruka kuntchito, cha m'ma 9 usiku, pa holo ya tchalitchi konkuno ku Tooting. Kunalibe mzere, kunalibe zopaka inki pachala, pensulo yomangirira chingwe basi. Msuweni wanga ndinachita kumukoka, akudandaula mapazi. Iye samadziwa n'komwe kuti ife a ku Malawi ndi Zambia, poti mayiko athu ali mu Commonwealth, timaloledwa kuvota tikakhala ndi mapepala okhalira muno. Zaka zonsezi akungolipira council tax osaponya voti!

Msonkho umenewo ndi womwe ukundidetsa nkhawa. Wandsworth imadziwika kuti council tax yake ndi yotsika kwambiri, ndipo a Labour alonjeza kuti ikhalabe choncho. Ine ndikhulupirira ndikaona kalata ya chaka chamawa.

Khonsolo ya Westminster nayonso yagwa m'manja mwa Labour, koyamba chiyambireni mu 1964. Anthu sanaiwale maphwando a ku Downing Street, kunyumba ya nduna yaikulu, nthawi ya Covid, a Boris Johnson a Conservative akusangalala pamene ife timalira maliro a abale athu pa Zoom.