Lanchester, linthumbu ndi timadontho ta pa kompyuta

Mu phunziro la masamu tinapatsidwa ntchito yofotokoza lamulo la Frederick Lanchester, injiniya wa ku Britain amene mu 1916 anayesa kulongosola nkhondo pogwiritsa ntchito masamu. Lamuloli limati zida zikakhala zofanana, ndipo msilikali aliyense akatha kuwombera mdani aliyense, mphamvu ya gulu imapezeka pochulukitsa chiwerengero chake ndi chiwerengero chomwecho. Nditawerengetsa ndinapeza kuti asilikali 1,000 atakumana ndi 500, ochepawo angathe onse, ambiriwo n'kutsala pafupifupi 866. Ndinakondwera nalo masiku awiri okha, kenaka ndinayamba kudzifunsa kuti mantha, phiri ndi msilikali wosochera zili pati m'masamuwa.

Funso limeneli ndi lomwe linandifikitsa kwa Andrew Ilachinski, katswiri wa fizikisi wa ku Center for Naval Analyses, bungwe lochita kafukufuku wa zankhondo ku America. M'zaka za m'ma 1990 iye anapanga pulogalamu ya ISAAC, pambuyo pake EINSTein, momwe msilikali aliyense ndi kadontho kofiira kapena kabuluu kokhala ndi malamulo ake ochepa: kuyandikira anzake, kutsata kapena kuthawa mdani, kulunjika ku mbendera. Palibe amene amalamula timadonthoti kuti tizinge adani, komabe nthawi zina timawazinga. Aliyense amene anathawapo m'nyumba usiku chifukwa cha linthumbu, monga zinatichitikira kwathu ku Area 25 dzinja lapitali, akudziwa kuti tizilombo topanda wotsogolera timatha kuyenda ngati gulu lophunzitsidwa ku Kamuzu Barracks. Mu 2017 Ilachinski analembanso lipoti lokhudza AI (nzeru zopangidwa za makompyuta) ndi maloboti oyenda m'magulu, ndipo n'zosadabwitsa, pakuti funso ndi lomwe lija la mmene gulu limayendera popanda wolilamula, kungoti timadontho tsopano tili ndi mapiko.

Ndinayesa kulemba kapulogalamu kanga m'chiyankhulo cha pa kompyuta cha Python, ka timadontho 50 mbali iliyonse. Nditangowonjezera pang'ono mtunda umene kadontho kamaona, gulu lomwe linkapambana linayamba kuunjikana pakona n'kugonja. Ndinakhala mpaka usiku ndikufufuza cholakwika m'zimene ndinalemba, koma cholakwika panalibe. Khalidwelo linachokera m'malamulo anga omwe. Chifukwa chake sindikhulupirira kuti pulogalamu yotere inganene amene adzapambane nkhondo, ngakhale ndikuvomereza kuti imaulula zinthu zimene mkulu wa asilikali sakanaziganizira. Sabata yamawa ndiika mtsinje pakati pa magulu awiriwa, ndione ngati adzapeze okha powolokera.