Kachitsulo ka mapaundi 20 kandisowetsa tulo sabata yonse

Mwezi watha ndinapita ku car boot sale, msika wa katundu wakale, kuno ku Leicester kukasaka ketulo basi, koma nde ndinabwerako ndi kachitsulo kolemera, kotalika ngati chala chachikulu, kobiriwira ngati mkuwa wakale, kumapeto kwake kuli zilembo zachiarabu zokumbika. Ogulitsawo anati anangokapeza mu katundu wa malemu bambo awo, sakudziwanso kuti nchani. Ndinalipira osanenerera nkomwe, mumtima ndikuti apa ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Ine chiarabu sinditha olo pang'ono, nde ndinaitana mzanga wina wa ku Mangochi yemwe anadutsa ku madrasa. Anakatembenuza uku ndi uku kenako akuti "achimwene, izitu zalembedwa chobwerera, tabweretsani galasi." Galasi silinathandize kwenikweni, chomwe chinagwira ntchito ndi Blu Tack, kaphala kofewa komatira mapepala pakhoma, tinadindapo mwamphamvu zilembo zonse nkutuluka bwinobwino ngati ndalama. Pakati panali mizere itatu, la ilaha illa Allah wahdahu la sharika lahu, m'mbali mozungulira muli mawu ang'onoang'ono a Kufi, kalembedwe kakale ka chiarabu, opanda madontho omwe anamutulutsa thukuta munthu wamkulu kkkk.

Apa mpomwe ndinadziwa kuti ndi chidindo chosulira ndalama zasiliva zotchedwa dirham. Kalelo ndalama zimenezi sankathira mu chikombole ayi, pamakhala zidindo ziwiri, chapansi chokhazikika pa chipala, chapamwamba chogwira m'manja, kasiliva pakati kenako nyundo phaa! Ndalama zolemba mawu okhaokha popanda nkhope ya mfumu anaziyambitsa Abd al-Malik, mfumu ya Asilamu, dinar ya golide mu chaka cha 77 cha Hijra, kalendala ya Chisilamu, kwathu kuno ndi 696 kapena 697, ma dirham nkutsatira posakhalitsa. Ndalamazo zilipo mbwee mpaka lero koma zidindo zake nzosowa kwabasi, zinkatha ndi nyundo ndipo sankazitaya mwachisawawa kuopa akuba. Ndiye mukuona chifukwa chake tulo tinandithawa, ndinayamba kale kuwerengera malata a nyumba ya ku Area 25.

Chinandigwetsa ulesi ndi mawu a m'mbali aja. Ubwino wa ndalama zimenezi zimanena zokha komwe zinasulidwa ndi chaka chake, osati manambala koma mawu. Mzangayo atalimbana nazo anawerenga kuti dirham iyi inasulidwa ku Madinat al-Salam chaka cha 120. Ine ndinasangalala, mpakana nditafufuza pa intaneti usiku. Madinat al-Salam ndi Baghdad, ndipo Baghdad anaimanga mfumu al-Mansur ya banja la Abbasid mu 762, chaka cha 145 cha Hijra. Chaka cha 120 ndi 738, nthawi ya mfumu Hisham, a Abbasid asanalande nkomwe ufumu, ma dirham ambiri nthawi imeneyo ankachokera ku Wasit, mzinda wina wa ku Iraq. Zaka 25 mzinda kulibe koma eti ukusula kale ndalama!

Ndinadzilimbitsabe mtima, chifukwa zidindo za anthu opanga ndalama zachinyengo akalekale ziliponso ndipo nazonso ndi zamtengo, mwina wakuba wa nthawi imeneyo anangosokoneza chaka. Nde ndinabwereka kagalasi kokuzira zinthu ndikuyang'anitsitsa mkati mwa zilembo. Chidindo chosema ndi dzanja chimakhala ndi m'mphepete mwakuthwa, umaona pomwe chosemera chinadutsa. Changachi zilembo zake zofewa ngati sopo wosambira kale, pansi pake timabowo ting'onoting'ono ta mpweya, kusonyeza kuti anachita kuthira mu chikombole. Kumutu kwake nako kosalala, pomwe chitsulo chomenyedwa ndi nyundo kambirimbiri chimaphwasuka mutu ngati bowa, aliyense amene anaonapo tchizulo ya m'misiri wa zidebe akudziwa. Ngati chinali chapansi, bwenzi pakuoneka pomwe chinkalowa mu chipala, palibenso.

Chomaliza ndinachita chomwe akatswiri angandikalipire chikanakhala chenicheni, ndinatenga mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo a madam nkupaka pakona ndi thonje. Thonje lonse biriwiri, pansi pake chikasu chonyezimira ngati loko watsopano. Dzimbiri la zaka 1,200 silingachoke choncho.

Mzanga uja anapempha kuti ndisamakaponye paliponse poti pali dzina la Mulungu, ndiye ndakakulunga mu kansalu kali pamwamba pa shelefu. Madam akufunsabe za ketulo.